Kukhoma ndi kutsegula ma port pa seva ya Ubuntu pogwiritsa ntchito UFW

Seva yatsopano ikangolumikizidwa pa intaneti, alendo osaitanidwa sachedwa kuyamba kugogoda. Adiresi yake simunauze aliyense, webusaiti simunaikepo, koma mukatsegula fayilo ya /var/log/auth.log mawa lake mupeza mizere yambirimbiri ya oyesa kulowa ndi dzina la root, la admin, la test. Sikuti pali munthu amene akudana nanu. Amenewa ndi mapulogalamu amene amayendera adiresi iliyonse usana ndi usiku, ngati wakuba amene amadutsa m'mudzi akukankha chitseko chilichonse kuti apeze chosakhoma. Choncho ine ndikapatsidwa seva, ndisanaikepo kanthu kalikonse ndimayamba ndi firewall, mpanda umene umasankha amene aloledwe kufika pa seva, ndipo njira yanga ndi imodzi: khomani zonse, kenaka tsegulani khomo lokhalo limene mungathe kunena ntchito yake.

Pano tigwiritsa ntchito UFW, pulogalamu imene inayamba kubwera ndi Ubuntu 8.04 m'chaka cha 2008. Mlonda weniweni amakhala mkati mwa Linux, dzina lake netfilter, ndipo amalamulidwa kudzera pa iptables kapena nftables, zimene chilankhulo chake n'chovuta kwa woyamba kumene. UFW ili ngati womasulira: inu mumanena mwachidule, iyo n'kukalembera mlondayo malamulo aatali. Imabwera kale mu Ubuntu, koma imabwera yozimitsa. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amagona tulo poganiza kuti ali ndi mpanda pomwe alibe.

Port n'chiyani kwenikweni

Adiresi ya IP imakufikitsani panyumba, port imakuuzani khomo loti mugogode. Makomowa ali ndi manambala kuyambira 0 mpaka 65535. Oyambirira, 0 mpaka 1023, anagawidwa kale ku ntchito zodziwika, ndipo bungwe la IANA ndi limene limasunga kaundula wake. Amene mudzakumane nawo kawirikawiri ndi 22 ya SSH, yolowera pa seva muli kutali. 80 ndi 443 za webusaiti, yachiwiriyo ndi ya HTTPS. 53 ya DNS, yosandutsa dzina la webusaiti kukhala adiresi ya IP. 25 ndi 587 za maimelo. 3306 ya ma database a MySQL ndi MariaDB. 5432 ya PostgreSQL. Nambala iliyonse ili pawiri, chifukwa pali TCP ndi UDP, njira ziwiri zotumizira uthenga pa netiweki, ndipo 53 ya TCP ndi khomo losiyana ndi 53 ya UDP. N'chifukwa chake polemba lamulo ndi bwino kutchula zonse ziwiri, nambala ndi mtundu wake, monga 22/tcp. Mukalemba nambala yokha, UFW imatsegula mbali zonse ziwiri, ndipo mwatsegula khomo limodzi losafunika.

Ngati mukukayika kuti port imodzi ingabweretse tsoka lalikulu, kumbukirani za Meyi 2017. Pa 12 mwezi umenewo kachilombo ka WannaCry kanafalikira m'mayiko oposa 150 kudzera pa port 445, imene Windows imagwiritsa ntchito pogawana mafayilo. Zipatala za NHS ku England zinasokonekera mpaka kubweza odwala. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka vutolo mu Malichi chaka chomwecho, koma makina ambiri anali asanachilandire, ndipo khomo linali pululu. Izi zisanachitike, mu 2016, pulogalamu yoipa ya Mirai inagwira makamera ndi ma router ochuluka kudzera pa port 23 ya Telnet, pongoyesa mapasiwedi amene zipangizozo zinabwera nawo kuchokera kufakitale.

Yambani mwaona amene akumvetsera

Musanalembe lamulo ngakhale limodzi, dziwani mapulogalamu amene akudikira alendo pa seva yanu:

sudo ss -tulpn

Mzere uliwonse ukuonetsani adiresi, port ndi dzina la pulogalamu. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi chimene chalembedwa kutsogolo kwa nambala ya port. Mukaona 127.0.0.1:3306, ndiye kuti MySQL ikungolankhula ndi a m'nyumba momwemo, wakunja sangaifikire. Mukaona 0.0.0.0:3306 kapena [::]:3306, ikumvetsera kwa aliyense amene angafike pa seva. Tengani pepala mulembe ma port onse a gulu lachiwirili, ndipo pa iliyonse dzifunseni kuti ndani akufunika kulowa apa, nanga akuchokera kuti. Mukapeza pulogalamu imene simukuidziwa kapena munasiya kuigwiritsa ntchito, izimitseni ndi systemctl. Kuibisa kuseri kwa firewall sikukwanira, chifukwa tsiku limene mpanda udzagwe mudzaipeza ikadali pomwepo.

Onaninso port imene SSH ikugwiritsa ntchito. Nthawi zambiri ndi 22, koma ngati amene anakonza sevayo anaisintha kukhala 2222, malamulo onse a m'munsimu muwalembe ndi nambala imeneyo.

Musadzitsekere kunja

Apa ndi pamene ndikufuna kuti mudekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Seva yanu mwina ili ku Johannesburg, ku London kapena ku Frankfurt, ndipo njira yokha yoifikira ndi SSH. Mukayatsa firewall musanalole SSH, mwakhoma nyumba makiyi ali mkati, ndipo simungakwere minibasi kukatsegula. Zinandichitikirapo kamodzi usiku pa seva ya bungwe lina limene ndinkalithandiza. Webusaiti inkayenda bwinobwino, koma panalibe aliyense wotha kulowa kukakonza kanthu mpaka m'mawa mwake, pamene mwini akaunti anadzuka n'kunditsegulira njira ina. Kuyambira pamenepo ndimatsata ndondomeko iyi osadumpha.

Choyamba, lowani pa tsamba la kampani imene inakubwereketsani seva, mupeze console yake, kuti mudziwe pamene ili. Makampani monga DigitalOcean ndi Hetzner ali nayo. Imakulowetsani ngati kuti mwakhala pamaso pa makinawo, osadutsa pa port 22. Yesani kulowa nayo panopa zinthu zili bwino, chifukwa imafuna pasiwedi ya akaunti ya pa seva, ndipo amene amalowa ndi kiyi ya SSH yokha nthawi zambiri amapeza kuti pasiwediyo sanaikepo.

Kenaka ikani malamulo aakulu awiri. UFW ikadali yozimitsa, choncho palibe chimene chisinthe panopa.

sudo ufw default deny incoming
sudo ufw default allow outgoing

Loyamba likuti aliyense wobwera kuchokera kunja amene sanatchulidwe abwezedwe. Lachiwiri likuti seva yanu ndi yomasuka kutuluka, kukatenga ma update kapena kufunsa DNS. Mwina mukudabwa kuti ngati zolowa zonse zatsekedwa, mayankho a zimene seva yafunsa alowa bwanji. Mlondayu amakumbukira. Akaona kuti ndi seva yanu imene inayambitsa kukambirana, yankho lake amalilola popanda lamulo lapadera.

Tsopano SSH:

sudo ufw limit 22/tcp comment 'SSH'

Mukadatha kulemba allow m'malo mwa limit, ndipo zikanagwira ntchito. Ine ndimakonda limit chifukwa imalola kulowa, koma adiresi ikayesa kulumikiza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo m'masekondi 30, imaimitsidwa kwa kanthawi. Izi zimachepetsa liwiro la oyesa mapasiwedi aja. Chenjezo lake n'lakuti ngati muli ndi pulogalamu yanu imene imatsegula SSH kambirimbiri motsatizana, monga yotumiza mafayilo, nayonso ipunthwa pomwepo, ndipo apo allow ndiye yoyenera. Mawu a comment musawanyoze. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi simudzakumbukira chifukwa chimene munatsegulira port ina yake, ndipo amene adzalowe m'malo mwanu adzachita mantha kuitseka.

Onani zimene mwalemba musanayatse:

sudo ufw show added

Ngati lamulo la SSH likuoneka, mukhoza kuika chingwe chodzipulumutsira. Pulogalamu ya at, imene mungaiike ndi sudo apt install at, imachita ntchito pa nthawi imene mwaiuza:

echo "ufw disable" | sudo at now + 10 minutes

Zinthu zikasokonekera, pakatha mphindi khumi firewall izima yokha ndipo mulowanso. Zikayenda bwino, musaiwale kuchotsa ntchitoyi: sudo atq ikuonetsani nambala yake, sudo atrm ndi nambalayo ichotsa. Mukaiwala, mpanda wanu ugwa mwakachetechete inu muli kumwa tiyi.

Yatsani:

sudo ufw enable

Ikuchenjezani kuti SSH ingaduke ndipo ikufunsani ngati mukupitiriza. Yankhani y. Tsopano mvetsetsani ichi: windo limene mulimo musalitseke. Likhoza kupitiriza kugwira ntchito ngakhale lamulo lanu lili lolakwika, chifukwa mlonda uja amalitenga ngati kukambirana kwakale. Umboni weniweni ndi kutsegula windo lachiwiri n'kulowa mwatsopano. Lachiwirilo likalowa, mwadutsa pa mlatho wovuta.

Kutsegulira webusaiti

sudo ufw allow 80/tcp comment 'HTTP'
sudo ufw allow 443/tcp comment 'HTTPS'

Ena amafunsa chifukwa chosiyira 80 yotsegula pomwe zonse zikudutsa pa HTTPS. Zifukwa ndi ziwiri. Munthu akalemba dzina la webusaiti yanu popanda https kutsogolo, akhoza kuyamba kugogoda pa 80, ndipo pamenepo ndi pamene seva imamulozera ku 443. Chachiwiri, ngati satifiketi yanu ndi ya Let's Encrypt ndipo imatsimikizidwa m'njira yofala ija ya HTTP, iwo amabwera pa port 80 nthawi iliyonse yoikonzanso. Mukatseka 80 lero simuona vuto, koma patapita masabata satifiketi idzatha ndipo alendo anu adzalandiridwa ndi chenjezo lofiira. Ngati mwayatsa HTTP/3, mtundu watsopano wa HTTP, onjezani 443/udp, popeza imeneyo imayenda pa UDP.

Ma port otsatizana amalembedwa ndi kolani pakati, monga sudo ufw allow 6000:6007/tcp, ndipo pamenepa kutchula tcp kapena udp n'kokakamiza.

Khomo la anthu osankhidwa okha

Database siyenera kuonekera ku dziko lonse. Ngati webusaiti ndi database zili pa seva imodzi, musatsegule 3306 ngakhale pang'ono. Siyani MySQL izimvetsera pa 127.0.0.1 basi. Ngati pali seva ina imene ikufunika kuifikira, lolani adiresi ya seva imeneyo yokha:

sudo ufw allow from 203.0.113.25 to any port 3306 proto tcp comment 'seva ya webusaiti'

Adiresi ya m'chitsanzochi ndi ya m'gulu limene linapatulidwa kuti lizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa. Inu muike yanu yeniyeni. Pa netiweki ya mu ofesi mukhoza kulola gulu lonse polemba 192.168.1.0/24, kutanthauza makina onse amene adiresi yawo ikuyamba ndi 192.168.1.

Malangizo ambiri amanena kuti muchite chimodzimodzi ndi SSH, kulola adiresi yanu yokha. Ndi nzeru yabwino kwa amene ali ndi adiresi yokhazikika. Koma ngati mumalowa pa intaneti ndi bandulo ya pa foni, kaya ya TNM, Airtel kapena ina iliyonse, adiresi yanu imasinthasintha, ndipo nthawi zambiri mumagawana ndi makasitomala ena ambiri. Mukamangirira SSH pa adiresi ya lero, mawa mudzapeza mlonda wanu yemwe sakukudziwani. Kwa munthu wotere ndi bwino kusiya 22 pa limit, kulowa ndi kiyi ya SSH, n'kuzimitsa kulowa ndi pasiwedi mu fayilo ya /etc/ssh/sshd_config.

Nanga mukafuna kuona database kuchokera pa laputopu yanu? Musatsegule port, dutsani mkati mwa SSH:

ssh -L 3307:127.0.0.1:3306 dzina@203.0.113.10

Pulogalamu yanu yoonera database muilozetse ku 127.0.0.1 pa port 3307 ya laputopu, ndipo zonse zidutsa mumsewu wa 22 umene ndi wotetezedwa kale.

Malamulo amawerengedwa kuchokera pamwamba

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mlonda amawerenga malamulo kuyambira pamwamba, ndipo akapeza loyamba logwirizana ndi mlendoyo amatsata lomwelo, otsalawo sawayang'ananso. Tiyerekeze kuti mwaona adiresi ina ikuvutitsa, ndiye mwalemba sudo ufw deny from 203.0.113.50. Lamuloli likalowa pansi pa mndandanda. Wovutitsayo akabwera pa 443, mlonda ayamba wapeza lamulo lolola aliyense pa 443, amulowetsa, ndipo lanu loletsa silifikiridwa n'komwe. Mankhwala ake ndi kuika loletsalo patsogolo:

sudo ufw insert 1 deny from 203.0.113.50 comment 'wovutitsa'

Kuti muone mndandanda ndi manambala ake:

sudo ufw status numbered

Pochotsa, lembani sudo ufw delete ndi nambala ya lamulolo. Koma dziwani kuti mukachotsa limodzi, manambala a pansi pake onse amasuntha. Amene akufuna kuchotsa 3 ndi 4, akalemba delete 3 kenaka delete 4, wachotsa lachitatu ndi lachisanu, ndipo lachisanulo likhoza kukhala lofunika kwambiri. Yang'anani mndandanda mwatsopano pambuyo pa kuchotsa kulikonse, ndipo werengani funso limene UFW imafunsa isanachotse.

Muonanso mizere yolembedwa v6. Imeneyo ndi ya IPv6, mtundu watsopano wa ma adiresi a IP, ndipo ndi yofunika. Mu fayilo ya /etc/default/ufw muyenera kukhala mzere wa IPV6=yes. Mukachotsa lamulo ndi nambala, mnzake wa v6 amatsala. Njira yochotsera onse awiri nthawi imodzi ndi kubwereza lamulolo, monga sudo ufw delete allow 80/tcp.

Pali mawu awiri oletsera. Deny imangokhala chete, wogogoda amadikira mpaka kutopa. Reject imayankha pomwepo kuti pano palibe njira. Ku mbali yoyang'ana intaneti ine ndimagwiritsa ntchito deny. Mkati mwa ofesi reject ndi yachifundo, chifukwa mnzanu amadziwa msanga kuti waletsedwa, m'malo moyang'ana kompyuta imene yangoima.

Zotuluka nazo mukhoza kuziletsa. Seva imene situmiza maimelo ilibe chifukwa chotulukira pa port 25, ndipo sudo ufw deny out 25/tcp imathandiza kuti webusaiti ikalowedwa ndi achipongwe asaisandutse malo otumizira maimelo achinyengo. Kutseka zotuluka zonse n'kotheka, koma mukatero muyenera kutsegula 53, 80, 443 ndi 123/udp ya nthawi, apo ayi ma update aima ndipo wotchi ya seva iyamba kusochera. Kwa woyamba kumene, zimenezo zidikire.

Yesani muli kunja kwa mpanda

Zimene ufw status ikunena ndi zimene munalemba. Zimene dziko likuona mungazidziwe poima kunja. Pa kompyuta ina, yosakhala pa netiweki imodzi ndi sevayo, ikani nmap, pulogalamu yogogoda pa ma port kuti ione otsegula, n'kulemba:

nmap -Pn -p 22,80,443,3306,5432,8080 203.0.113.10

Open ikutanthauza kuti khomo ndi lotsegula ndipo pali woyankha. Filtered ikutanthauza kuti palibe yankho lililonse, ndiye kuti deny ikugwira ntchito. Closed ikutanthauza kuti uthenga wafika koma wabwezedwa, mwina chifukwa firewall yalola koma palibe pulogalamu yomvetsera, mwina chifukwa cha reject. Pa seva imene takonzayi muyembekezere open pa 22, 80 ndi 443 (ngati webusaiti simunaikepo, 80 ndi 443 zioneka closed), zina zonse filtered. Nmap muiloze pa makina anu okha kapena amene mwini wake wakulolani. Kuyesa zitseko za eni ake kukhoza kukhala mlandu m'mayiko ena.

Port ikaoneka yotseka pomwe munaitsegula, musafulumire kuimba mlandu UFW. Makampani ambiri ali ndi firewall yawo kutsogolo kwa seva yanu. Ku AWS amaitcha security group. Mlendo ayenera kuloledwa pa mageti onse awiri. Kuti mudziwe geti limene lamukana, yatsani kaundula ndi sudo ufw logging low, yesaninso kulumikiza, kenaka onani:

sudo tail -f /var/log/ufw.log

Ngati fayiloyo palibe, sudo journalctl -k -f ikuonetsani zomwezo. Pa mzere wa UFW BLOCK, SRC ndi adiresi ya wogogoda ndipo DPT ndi port imene amafuna. Mukaona adiresi yanu pamenepo, ndi UFW imene yakubwezani. Mukapanda kuiona, mwina simunafike n'komwe, ndipo vuto lili pa geti lakutsogolo. Musadabwe ndi kuchuluka kwa mizere ya anthu ena. Ndi oyendayenda aja akubwezedwa.

Ngati pali Docker

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ufw status ikhoza kuoneka yaukhondo, ma port atatu okha, pomwe nmap ikuonetsa 8080 kapena 5432 ili pululu. Kawirikawiri woyambitsa ndi Docker, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'timabokosi tawotawo totchedwa ma container. Mukayatsa container ndi -p 8080:80, Docker imalemba malamulo akeake mwachindunji mu iptables, ndipo alendo amapatutsidwa kupita ku container asanafike pa malamulo a UFW okhudza zolowa. Ngakhale mutalemba sudo ufw deny 8080, palibe chisinthe. Database zambiri zakhala poyera m'njira imeneyi eni ake akukhulupirira kuti anakhoma.

Njira yosavuta ndi kuuza Docker kuti port imeneyo ikhale ya m'nyumba mokha:

docker run -p 127.0.0.1:8080:80 dzina-la-image

Mu fayilo ya compose, imene Docker imawerengamo makonzedwe a ma container, ndi chimodzimodzi, pansi pa ports lembani "127.0.0.1:8080:80". Kenaka pulogalamu yoperekera webusaiti, Nginx kapena Apache, ikhale kutsogolo, izilandira alendo pa 443 n'kuwapereka ku 127.0.0.1:8080. Container ya database siifuna n'komwe mzere wa ports ngati amene akuigwiritsa ntchito ndi container inzake pa netiweki imodzi ya Docker. Zimapezana ndi mayina. Amene akufunikadi kusefa alendo a container potengera adiresi, malo ake ndi chain (mndandanda wa malamulo) ya DOCKER-USER mu iptables, imene Docker inasiyira malamulo a mwini seva. Mukasintha, zimitsani container yakale, yatsani yatsopano, bwererani pa kompyuta yakunja ija, ndipo yendetsaninso nmap pa 8080 mpaka muone kuti sikunenanso open.